Pakamwa tinamasuka, nanga manja adzamasuka liti?

Nyengo ya manachesi ikafika kwathu kuno kwa Inkosi Kanduku m'boma la Mwanza, msewu wotsikira ku Zalewa umasanduka msika. Madengu, mabeseni ndi milu ya zipatso zimandandalika m'mbali mwa tala, ndipo amayi amathamangira basi iliyonse imene yangochepetsako liwiro. Inu a m'tauni mukamadutsa mumakondwa, poti mumagula beseni lodzaza pa mtengo wotaya. Ife eni mudzi timadziwa kumene zotsala zimathera: zimawolera patsinde pa mtengo womwe unazibala, nkhumba n'kumachita nazo phwando.

Chaka china achemwali anga anatopa nako kuthamangira mabasi. Anasonkherana ndi anzawo atatu nachita hayala kagalimoto kuti akagulitse okha ku Limbe. Ponyamuka analipira chiphaso. M'njira anaimitsidwa kangapo, apa kufunsidwa lisiti, apo kuuzidwa kuti katundu wachuluka, pena kungouzidwa kuti dzuwa lawawa ndipo abwana kukhosi kwauma. Pofika pamsika analipiranso chiphaso china. Atabwerako anayala ndalama zotsalazo pamphasa, naziwerenga kawiri, kenaka anandiyang'ana nati: "Achimwene, inu munathawa kuno n'kukakhala kunja zaka zonse zija, ndipo pobwera munkati mwatibweretsera ufulu. Kodi ufuluwo munauiwala pachipata?"

Funso limeneli landisowetsa tulo, Amalawi anzanga, ndipo ndi limene ndikufuna tikambirane lero. Maganizo anga ndi awa: mu 1993 ndi 1994 tinamasula pakamwa pa Mmalawi, koma manja ake tinawasiya ali omanga. Tinalanda boma mphamvu yotiuza choti tinene, koma tinalisiyira mphamvu yotiuza choti tigulitse, kumene tikagulitse, kwa yani ndiponso pa mtengo wanji. Munthu amene angathe kutukwana pulezidenti pa wailesi koma sangathe kuwolotsa thumba la chimanga chake kukagulitsa kumene kuli mtengo wabwino, ameneyo ufulu wake ndi wa mwendo umodzi.

Ife a ku Mwanza sitisowa mphunzitsi wotiuza zimene boma lopanda malire limachita. Pa 18 Meyi 1983, ku Thambani m'boma lathu lomwe lino, kunaphedwa nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga. Dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto, ndipo kwa zaka khumi aliyense amene ankadziwa zoona ankangomezera malovu. Mu 1994 bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha linamva umboni wakuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi, ndipo mitembo yawo inaikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Mlandu unazengedwa, ndipo mu Disembala 1995 khoti linapeza a Kamuzu Banda ndi a John Tembo osalakwa. Koma phunziro la ku Thambani silinafufutike: mphamvu ikachuluka m'manja amodzi, ngakhale nduna ilibe pobisala.

Momwe tinamasulira pakamwa ambiri a inu mukukumbuka, chifukwa ena munalipo ndipo ena munkamvera pa wailesi muli ku Lusaka, ku Harare, ku Dar es Salaam kapena ku London. Kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. A Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo chaka chomwecho namangidwa pomwepo. Timakalata topanda dzina tinkayenda usiku kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo. Pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavotera boma latsopano. Ufulu wolankhula umenewu wakhala ukuyesedwa: anthu 20 anafa pa zionetsero za mu Julaye 2011, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho wophunzira wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa pasukulupo. Komabe ufulu umenewu uli ndi eni ake ouyang'anira. Nyumba ya malamulo inachotsa milandu yogalukira boma ndi mawu mu 2022, ndipo mu 2025 bwalo lalikulu la milandu linathetsa lamulo lotsekera munthu m'ndende chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake. Mtolankhani akamangidwa lero, dziko lonse limabuula. Nanga mayi wa manachesi akalandidwa beseni, amabuula ndani?

Apa ndi pamene tinaiwalira theka la mbiri yathu. Munthu wa kumudzi sankamva kuwawa kwa chipani chimodzi chifukwa chakuti buku lina laletsedwa ndi bungwe lounika mabuku. Iye ankakumva m'thumba. Pachipata cha msika pankaima ayufi, ndipo wopanda khadi la Kongeresi sankalowa kukagulitsa ngakhale mulu umodzi wa tomato, sankakweranso basi. Amayi oyembekezera ankagulitsidwa khadi la mwana wosabadwa. Ngwazi ikamabwera kudzayendera mbewu, mudzi unkasonkha mazira, nkhuku ndi ndalama zimene ankazitcha mphatso, ngakhale panalibe amene akanayerekeza kukana. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972 atataya minda, masitolo ndi ntchito, mlandu wake kukana kugula kapepala.

ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971 inali wogula yekhayo wa fodya ndi thonje la mlimi wamng'ono, ndipo inkagula pa mtengo wotsika n'kukagulitsa kunja pa mtengo wokwera. Phindu lake lambiri linapita kukakuza maesiteti ndi makampani a akuluakulu. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, mpaka 1990. Wofuna kumugwira fodyayo ankayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya bwana. Lamulo lolanda katundu la 1966 linkalola boma kutenga nyumba, galimoto ndi ndalama za munthu popanda kupita naye kukhoti, ndipo ena a inu amene munabwerako kunja munapeza m'nyumba zanu muli anthu ena. M'zaka za m'ma 1970 amwenye anachotsedwa m'masitolo a kumidzi n'kukankhidwira m'mizinda, ndipo masitolo ambiri amene anasiya anangokhala mabwinja. Zonsezi sizinali ngozi ayi. Wolamulira amadziwa kuti munthu amene chakudya chake chili m'manja mwako safunika kumutseka pakamwa, amadzitseka yekha.

Ndipotu dzanja limeneli silinayambe ndi Kamuzu. Atsamunda anali ndi msonkho wa nyumba ndi thangata, zimene zinakwiyitsa Mbusa John Chilembwe mpaka kuukira mu 1915. M'zaka za m'ma 1950 anali ndi malamulo a malimidwe, pamene mlimi ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha momwe waungira mizere m'munda mwake momwe. Kongeresi inakopa anthu polonjeza kuthetsa zimenezi, koma itatenga mpando inangosintha chipewa, dzanja n'kukhala lomwe lija. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono 1994 itafika tinalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo gawo 29 la malamulowo limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wodzipezera chakudya paliponse m'Malawi muno. Zina zinasinthadi: khadi linatha, fodya wa bale anafika kumudzi, ndipo anthu wamba analoledwa kugula mbewu. Koma lamulo la 1968 lopatsa nduna mphamvu yoletsa katundu kulowa kapena kutuluka m'dziko linatsala, ndipo ngakhale linalembedwanso mu 2018, cholembera chidakali m'manja mwa nduna. Taonani momwe chagwirira ntchito. Mu Ogasiti 2008 boma linalengeza kuti ADMARC yokha ndiyo igule ndi kugulitsa chimanga, ngati kuti tabwerera ku 1971. Mu Disembala 2011 chimanga chinaletsedwa kutuluka. Mu 2017 Mulungu anatipatsa mvula yabwino, nkhokwe zinadzaza, koma chipata chinali chotseka. Mtengo unagwa mpaka mlimi kulephera kubweza ndalama ya feteleza. Chiletso chinachotsedwa mu Okutobala, pamene alimi ambiri anali atagulitsa kale kwa mavenda, ndipo mu Febuluwale 2018 chinabwezeretsedwa. Anadya phindu la miyezi yochepa imeneyo ndani? Si mlimi wa kwa Kanduku ayi, koma amene anali ndi nyumba zosungiramo matumba, malole ndi nambala ya lamya ya ku likulu.

Mfalansa wina wolemba za chuma, Frédéric Bastiat, anaphunzitsa mu 1850 kuti lamulo lililonse lili ndi zotsatira zooneka ndi zosaoneka, ndipo katswiri woipa wa zachuma amawerenga zooneka zokha. Chiletso cha chimanga chikabwera, chooneka ndi ufa wotsika mtengo ku Ndirande ndi ku Kawale, ndipo nduna imaombedwa m'manja. Chosaoneka ndi mlimi amene chaka chamawa adzachepetsa munda, mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa fizi sinakwane, ndi mnyamata amene wasiya khasu n'kukwera basi ya ku Joni. Patapita zaka ziwiri, chimanga chikasowa, timadabwa ngati kuti ndi ufiti, n'kuyamba kupempha kunja chakudya chimene tikanalima tokha.

Kuno kumalire chinyengo chake timachiona ndi maso. Mzere umene ukutilekanitsa ndi Zobue unalembedwa ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo unadutsa pakati pa mabanja, minda ndi manda. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko lino linalandira othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi ya ku Mwanza inagawana nawo malo ndi nsima isanadikire kalata ya unduna. Mu 2015 ndi 2016 anabweranso pa Kapise, ndipo tinawalandiranso. M'zaka za njala, chimanga cha ku Mozambique cholowa panjinga, makamaka pa Muloza ku Mulanje, chapulumutsa mabanja ambiri m'chigawo cha kummwera. Chimanga chikamalowa timati ndi ubale. Njinga yomweyo ikatembenuka kuti itulutse thumba la mwini wake, timati ndi wozembetsa, tilande njinga ndi thumba lomwe. Kodi chilungamo chake chili pati?

Nkhani ya ndalama zakunja ndi chimodzimodzi. Boma limaika mtengo wa dola ndi cholembera, msika n'kuika wake. Mu 2025 mtengo wa kubanki unali pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, pamene pabulaki unali woposa kawiri pamenepo. Mayi wa geni wopita ku Tete kapena ku Johannesburg akapita kubanki amauzidwa kuti ndalama palibe, ndipo amakagula kwa anyamata a pachipata pa mtengo wokwera, ali ndi mantha omangidwa. Koma madola otchipawo sasowa onse. Alipo amene amawapeza, ndipo amene wawapeza walemera tsiku lomwelo osakhetsa thukuta. Mlimi wa nandolo kapena soya, amene mbewu yake ndiyo imabweretsa madolawo, amalipidwa molingana ndi mtengo wa cholembera, koma feteleza ndi sopo amagula molingana ndi mtengo wa pabulaki. Umenewu ndi msonkho umene sunakambidwepo m'nyumba ya malamulo. Tinaziona mu 2011 pamene magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta. Kwacha itamasulidwa mu Meyi 2012 zinthu zinakwera mtengo mowawa, koma mafuta anabwerera m'mapampu. Phunzirolo tinaliiwala, ndipo kuyambira 2022 mizere ndi zigubu zinabwereranso, kwacha n'kudzagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowa kwa katundu wosiyanasiyana, monga ufa, mpunga ndi zipatso, ati pofuna kuteteza alimi athu. Mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera potseka chipata chake ku mbewu zathu, ndipo nthochi ndi katundu wina zinaonongeka pa malire a Songwe mpaka maboma awiriwa anakhala pansi kukambirana. Anavutika ndi amayi a geni a ku Karonga ndi a ku Kyela, amene sanafunsidwe maganizo ndi aliyense. Ife a ku Mwanza ululu wotere tinaulawa mu 2017, pamene boma la India linachepetsa mwadzidzidzi nandolo wolowa m'dziko lawo, nandolo wathu n'kusowa womugula. Tinadandaula kuti nduna ya ku New Delhi yatiphera msika ndi siginecha imodzi. Nanga bwanji timaombera m'manja nduna yathu ikachita zomwezo kwa mlimi wa kutsidya, kapena kwa mlimi wathu yemwe?

Onani kuti sindikuloza chala chipani chimodzi. Zimene ndatchulazi zachitika pansi pa atsogoleri osiyanasiyana ndi mbendera zosiyanasiyana. Tasintha boma mu 1994, khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti mu 2020, ndipo mu Sepitembala 2025 tinasinthanso boma mwamtendere. Izi n'zonyaditsa. Koma pa chisankho chilichonse timakangana za amene agwire chikwapu, osafunsa ngati chikwapucho chikufunika. Wotsutsa aliyense amadana ndi mphamvu za nduna kufikira tsiku limene walumbiritsidwa kukhala nduna.

Wina anganene kuti nkhani za misika ndi zazing'ono poyerekeza ndi ufulu wolankhula. Ameneyo akumbuke za ku Tunisia. Pa 17 Disembala 2010, mnyamata wogulitsa zipatso pa ngolo m'tauni ya Sidi Bouzid, Mohamed Bouazizi, analandidwa katundu ndi akuluakulu a mzinda, ndipo atasowa womumvera anadzitentha ndi moto. Pasanathe mwezi Pulezidenti Ben Ali, amene analamula zaka 23, anathawa m'dziko. Mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa pa Chancellor College ku Zomba, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa chouza ophunzira kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kubala zipolowe zonga za ku Tunisia ndi ku Egypt, ndipo maphunziro pakolejipo anaima kwa miyezi yambiri. Mwaona unyolo wake? Boma limayamba ndi kumanga msika. Zinthu zikasowa anthu amadandaula. Anthu akadandaula boma limafuna kumanga pakamwa. Ufulu wa manja ndi ufulu wa pakamwa ndi mapasa, ndipo ukadwalitsa mmodzi winayo sachedwa kugona.

Tsopano ndimve za otsutsa, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ena akuti: mukachotsa boma pamsika, mavenda atimaliza ndi masikelo awo obera. Zoona, masikelo obera alipo, ndipo achemwali anga omwe anaberedwapo. Koma kuba ndi sikelo ndi kuba basi, ndipo kugwira wakuba ndiyo ntchito yeniyeni ya boma. Ife amene timati boma lichepetse manja sitikunena kuti boma lithe ayi. Tikuti ligwire ntchito zake zochepa ndipo lizigwire bwino: kuteteza moyo ndi katundu wa munthu, kuweruza milandu msanga ndi mosakondera, kuyesa masikelo, kukonza misewu ndi milatho kuti lole ifike kumudzi nthawi ya dzinja. Venda amabera mlimi pamene venda ali yekha. Pakabwera ogula asanu, wina wa ku Blantyre, wina wa ku Tete, wina wa ku Harare, wa sikelo yobera amatsala ndi matumba opanda kanthu. Mankhwala a venda woipa ndi venda wachiwiri, osati chiphaso chimene chimachepetsa ogula.

Ena akuti: nanga njala? Tikalola chimanga kutuluka, ana athu adya chiyani? Funso ili ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Koma kumbukirani njala ya 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko sichinazembetsedwe ndi mlimi wa panjinga. Chinagulitsidwa chili m'manja mwa mabungwe a boma, ndipo mpaka lero anthu amakangana ngati wolakwa anali alangizi akunja kapena akuluakulu athu amene anachigula motchipa. Kumbukiraninso kuti ADMARC, imene tinkati ndi mayi wa mlimi, inafika poti mu 2022 boma lomwe linaitseka kwa kanthawi n'kuchotsa antchito ake. Ngati boma likufuna nkhokwe ya nthawi ya njala, ligule chimanga pamsika ndi ndalama zooneka, pa mtengo umene ena onse akugulira, ndipo liziwerengetsa matumbawo poyera. Ngati likufuna kuthandiza wosauka wa m'tauni, limuthandize ndi ndalama za msonkho wa tonse, osati kulanda m'thumba la wosauka mnzake wa kumudzi. Ndipo amene amati ndalama n'zotetezeka zikakhala m'manja mwa boma akumbuke 2013, pamene mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill m'mabuti a magalimoto.

Kodi zingatheke kumasula manja? Zinathekapo, ndipo anayambitsa si pulofesa kapena phungu. Mu Malichi 2015 venda wina wogulitsa majumbo, a Mayeso Gwanda, anamangidwa m'bandakucha mumzinda wa Blantyre akupita ku geni yawo, pa mlandu wa vakabu, lamulo limene tinatengera kwa Angelezi. Iwo sanangolipira n'kukhala chete. Nkhani inafika ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu Januwale 2017 majaji anagamula kuti gawo la lamulo limene anawamangiralo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Munthu mmodzi wa majumbo anagwetsa lamulo limene linazunza amphawi kuyambira nthawi ya atsamunda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choncho zimene ndikupempha si zakumwamba ayi. Choyamba, mphamvu yotseka chipata ku mbewu ichoke m'manja mwa munthu mmodzi. Chiletso chilichonse chizipita ku nyumba ya malamulo, chikhale ndi zifukwa zolembedwa ndi tsiku lothera. Chachiwiri, maina a onse olandira ziphaso zotulutsira kapena kulowetsera katundu, ndi onse ogawiridwa ndalama zakunja pa mtengo wa boma, azisindikizidwa m'nyuzipepala. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, tiyeni tiligwiritse ntchito. Chachitatu, mlimi wonyamula zokolola zake alipire chiphaso kamodzi, alandire lisiti, ndipo lisitilo limuyendetse kuchoka kwa Kanduku mpaka ku Limbe popanda womuimitsa. Chachinayi, dola ikhale ndi mtengo umodzi kwa nduna ndi kwa mayi wa geni. Chachisanu, wamalonda wamng'ono wa pamalire, wa matumba awiri kapena atatu, apatsidwe khomo lake losavuta pachipata, kuti asiye kuyenda usiku m'njira za m'tchire ngati mbava.

Mudzaona kuti sindinapemphe fakitale ya juwisi. Lonjezo limenelo talimva pa misonkhano ya ndale kufikira makutu kuwawa, ndipo manachesi akuwolabe. Fakitale simangidwa ndi lonjezo. Imamangidwa ndi munthu amene wakhulupirira kuti akaika ndalama zake, magetsi adzayaka, makina adzalowa pachipata osagona miyezi, ndipo akagulitsa kunja ndalama zake sizidzasinthidwa mokakamiza pa mtengo wa cholembera. Konzani zimenezo, ndipo mudzaona anthu akulimbirana malo omangapo.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu awerengi. Inu amene munabwerako kunja, munadziwa kuwawa kokhala munthu wopempha chilolezo pa chilichonse, kuimirira pa mzere wa mapepala m'dziko la eni. Ena mwa inu munakhala nduna, aphungu ndi akuluakulu a mabungwe, ndipo zidindo zimene munkazitemberera zinafika m'manja mwanu. Munazichepetsa kapena munazichulukitsa? Inunso a m'tauni, amene mumalemba makalata kwa mkonzi ndi kuimba lamya pa wailesi, dzifunseni: ufa ukatsika mtengo chifukwa chipata chatsekedwa, walipira kusiyanako ndani? Ndi amayi anu omwe, amene mumawatumizira kangachepe pakutha pa mwezi n'kumadzitama kuti mukuwathandiza, chonsecho iwo ndiwo akukudyetsani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Anthu anayi aja anafera ku Thambani chifukwa dziko linalola kuti mphamvu ikhale yopanda mpanda. Tinamanga mpanda mbali imodzi, mbali ya pakamwa, ndipo tiyenera kuulondera usana ndi usiku. Mbali ya kumunda ndi kumsika idakali pululu, ndipo fisi akulowera komweko. Achemwali anga sanawerengepo gawo 29, koma funso lawo ndi la gawo lomwelo. Sindinawayankhe tsiku lija, ndipo manachesi akayambanso kupsa adzandifunsanso. Ndikufuna ndidzawauze kuti ufulu uja sitinauiwale pachipata, koma tinautenga theka, ndipo tabwerera kukatenga theka linalo.